Nyumba Imene Nyanja Inkailambalala

Ku Semarang munthu wanzeru sagula nyumba nyanja itaphwera. Amadikira mwezi ukhwime, madzi amchere akwere m'ngalande n'kudzaza misewu. Pamenepo ndiye amavula nsapato n'kupita kukaona chimene akufuna kugulacho. Nyumba ili ngati mkamwini, umaidziwa pa mavuto osati pa tsiku la ukwati.

Mwambo umenewu Wuryani sanauiwale, ngakhale anatha theka la moyo wake ku Rotterdam, ku Ulaya, akumasulira mawu a anthu m'makhoti. Chimene anaiwala n'chakuti mzinda nawo umamira. Anachoka ali mtsikana, Gang Bandeng kali kanjira kouma ka mithunzi ya mango. Anabwerako imvi zili mbuu n'kupeza mitengo inafa ndi mchere, nyumba zitafupika ngati nkhalamba. Nthaka imatsika chaka ndi chaka, anthu n'kumathira dothi m'nyumba kuti akweze pansi, mpaka denga kuwagunda pamutu. Anthu amene anawasiya akulowa m'nyumba zawo chilili tsopano ankalowa chowerama, ngati akupepesa.

Masana amenewo madzi anali kulekeza m'ntchafu. Wuryani anakwinya siketi, nsapato m'manja, n'kumakankha mabeseni oyandama mpaka anafika pa nyumba imene anabadwiramo. Pakhomo panaima Pak Gunadi, bambo wa malaya osita bwino, amene ntchito yake inali kugula nyumba zomira, kuzikonza n'kuzigulitsanso.

Anamulonjera ndi "Bu", ulemu wa amayi kuno. "Lowani, Bu, lowani. Pukutani mapazi chonde. Muno madzi timangowamvera m'nkhani."

Wuryani analumpha kakhoma ka pachiundo n'kuima chilili. Pansi panali pouma kuti gwa. Madzi akunja anali pamwamba kuposa matailosi amene anapondapo, ndipo mwana aliyense kuno amadziwa kuti nyanja silowera pakhomo ngati mlendo, imatumphuka pansi, m'ming'alu ya simenti. Koma muno munalibe ndi dontho lomwe. Anagwada n'kukhudza pansi ndi chikhatho, monga munthu akhudza mphumi ya mwana amene wachira.

"Mwatani kuti zitheke zimenezi?"

"Dothi, Bu. Malole ndi malole a dothi la kuphiri. Nyumba ya makolo anu ndinaikwirira yonse, mwaulemu wake, n'kumanga iyi pamwamba. Denga lokha ndi lomwe lija, ndinangolikweza."

Ankachita kukuwa, chifukwa wailesi ya pakabati inali kuphokosera nyimbo za paukwati. Anamupatsa tiyi m'tambula. Wuryani anaika tambulayo patebulo, ndipo anaona timafunde tating'ono tikunjenjemera pamwamba pa tiyiyo. Anaona ndithu, koma mtima ukafuna chinthu, maso amakhala aulemu. Iye ankayang'ana mitanda ya denga, yomwe ija ankaiwerenga ali gone pamkeka wa mayi ake.

"Mawa madzi akakwera ndibwera kudzasaina," anatero.

"Mwasankha bwino. Kungoti pepani ndi za mlongo wanu."

"Kirno? Watani?"

Pak Gunadi anapukusa mutu mwachisoni. "Simunamve kuhotela kwanuko? Mukuganiza kuti kanjira kano kamira chonchi chifukwa chiyani? Pampu yathu inabedwa Lachinayi. Apolisi amutenga m'mawa uno."

* * *

Wapolisi wake anali Pak Harjito, mkulu wotopa amene thalauza lake linali lonyowa mpaka m'maondo. Nkhaniyo anaifotokoza ngati akuwerenga mitengo ya masamba. Pampu anasonkherana anthu onse a m'kanjirako. Woisamala anali Kirno, ndipo kiyi wa kanyumba kake anali ndi iye yekha. Loko sanathyoledwe. Lachinayi masana madzi akukwera Kirno panalibe, ndipo pofika madzulo pampu panalibenso. Mpunga wa anthu unanyowa, matiresi anaola, nkhalamba ina yodwala anachita kuinyamula pachitseko.

"Anthu akufuna khoti, Bu. Iye akungoti sanabe, koma kumene anali sakunena. Ndiye ine nditani?"

Kirno anakhala pabenchi, manja pakati pa maondo. Anali wamng'ono kwa Wuryani, koma ankaoneka ngati mkulu wake, popeza mchere sudya makoma okha.

"Unali kuti Lachinayi?" anafunsa Wuryani.

"Kokayenda, Yu." Ndi mmene ankamutchulira kuyambira ali ana, kutanthauza achemwali.

"Kokayenda! Madzi akukwera, iwe mlonda wa pampu, kokayenda. Ndamasulirapo mabodza m'zilankhulo zitatu, Kirno, koma lakoli ndi losakoleretsa n'komwe."

"Limasulireni m'Chidatchi, mwina likoma."

"Ukudziwa kuti akutsekera?"

"Kundende n'kouma, Yu. Kuli pamtunda."

Anaseka yekha, koma maso sanadzutse. Wuryani anali ataonapo akuba ambiri, ndipo akuba amalankhula kwambiri. Uyu anali chete ngati munthu wosunga chinthu cha mwini. Ndipo kwa wapolisi uja maso ankadzutsa. Amene ankamuopa anali mlongo wake.

* * *

Pakamwa pa Gang Bandeng pali chisakasa chowambira nsomba cha Parmi. Iyeyu ndi Wuryani anakhalira benchi limodzi kusukulu, ndipo sanakondanepo.

"Ee, taonani dona wa ku Ulaya! Wabwera kudzagula nsomba, kapena kudzatiwerenga kuti tatsala angati?"

"Ndabwera kudzaona ngati pakamwa pako panatsekeka. Ndaona kuti ayi."

"Pangatsekeke bwanji, utsi uzitulukira kuti?" Parmi anatembenuza mitu ya nsomba pawaya, n'kuponya zigoba za kokonati pamoto umene anausanja pamigolo kuti madzi asaufike. "Funsa, ndikudziwa wabwerera za Kirno."

"Unaiona pampu ikutuluka?"

"Iwe, pampu ija kulemera kwake ngati mwana wa ng'ombe. Kanjira kano khomo lake ndi limodzi, ndi lino. Uko kumathero kuli khoma la nyanja. Ngakhale mphaka satuluka muno osatsokomola utsi wanga. Lachinayi ndinali pano kuyambira m'mawa mpaka kuyitana kwa mapemphero a madzulo. Sinadutse."

"Ndiye kuti ikadali muno."

"Ukaipeza undiuze, chifukwa ine ndatopa. Madzi akutsogolo ndawazolowera, ndi a Mulungu. Koma awa akuseriwa ndi a satana. Bwera uone."

Kuseri kwa chisakasa kunali khoma lalitali la nyumba zoyandikana, ndipo m'munsi mwake, pansi pa madzi, panali kubwadamuka ngati kasupe.

"Ayamba Lachisanu. Nyanja ikwere, akutuluka. Nyanja iphwe, akutulukabe. Unaonapo nyanja yosapuma iwe? Ndipo akubwera ndi zinyalala zake."

Parmi anavuula dzanja lodzaza mchenga. Pakati pa mchengawo panali kachidutswa kobiriwira, kochepa ngati chikhadabo, kokhala ndi kamzere koyera kopindika. Wuryani anakatola. Anakayang'anitsitsa. Tailosi imeneyo ankaikolopa Loweruka lililonse ali mwana, ndipo Pak Gunadi anati ili pansi pa malole ndi malole a dothi.

"Watani? Waona mzukwa?"

"Parmi, Kirno anali kuti Lachinayi?"

Parmi anayang'ana nsomba zake.

"Aliyense muno akudziwa, si choncho?" anatero Wuryani. "Mukungobisira ine."

"Kafunse Lik Sabar wa bwato. Ndipo ine sindinanene kanthu, wamva? Ndimawamba nsomba ine."

* * *

M'mawa mwake madzi ataphwera, Wuryani anayamba wadzera pa kanyumba ka pampu. Kale kanali kosungiramo zida za maliro, ndipo iye ankakumbukira kuti ana ankaponya miyala padenga pake osafikitsa. Tsopano dengalo linali kumulekeza m'chifuwa. Loko analidi wamphumphu. Anthu onse, ndi apolisi omwe, anayang'ana chitseko, chifukwa m'mitu mwawo denga likadali kumwamba. Munthu amene watsika pang'onopang'ono pamodzi ndi nyumba yake sadziwa kuti watsika. Wuryani anangoyala dzanja pamalata. Malata anali ofiira ndi dzimbiri, koma misomali ya lata limodzi inali kung'anima.

Lik Sabar anali bambo wa mawu ochepa. Anamva dzina la Kirno, anamuyang'ana Wuryani nthawi yaitali, kenaka anati, "Kwerani."

Anadutsa khoma la nyanja n'kulowa m'madzi aakulu. Mapolo a magetsi anali kuyenda pamzere kulowera m'nyanja, opanda mawaya, ngati anthu opita kumaliro. Lik Sabar ankaloza ndi chibwano.

"Apa panali bwalo la mpira. Apo sukulu yanu."

Wuryani anasuzumira. Madzi okhaokha, obiriwira, odekha, ndi mtambo ukusambamo. Anakhala zaka zonsezo pakati pa anthu amene anatsekera nyanja kunja n'kumadzitama nazo, ndipo anawerenga mabuku a mizinda yakale imene inamira. Sanaganizepo kuti munthu angayandame pamwamba pa kalasi yake ali moyo.

Injini inazima. Patsogolo pawo panali mitengo youma yodzaza akakowa oyera, ndipo pansi pa mitengoyo nsonga za ziliza zinali kusuzumira m'madzi, zina zowongoka, zina zopendekeka, mafunde akuzisisita mitu. Kunali zii. Wuryani anazindikira malowo: anali manda a kwawo.

"Kirno amabwera Lachinayi lililonse," anatero Lik Sabar. "Amayatsa pampu, amakhoma, timabwera."

"Kudzatani? Mayi anawasamutsira kuphiri. Anandiuza yekha pafoni."

"Anachedwa, Bu. Chaka chija cha mphepo ziliza zambiri zinagwa. Tinafufuza mwezi wathunthu, iye akumira ngati mwana, kupapasa pansi. Sanawapeze. Akuti munali nokha kutali, akanakuuzani bwanji?" Anatulutsa kadengu ka maluwa pansi pa thabwa. "Amangomwaza paliponse. Akuti madzi ndi amene akudziwa pamene ali."

Wuryani anatapa maluwawo, ofiira ndi oyera, n'kuwamwaza. Anabalalika pang'onopang'ono pakati pa ziliza. Otsala anawamanga m'kampango. Atafunsa, mawu ake anatuluka owuma ngati a m'khoti.

"Ndani amadziwa kuti Lachinayi masana kanyumba kaja kamakhala kopanda munthu?"

"Aliyense."

"Ndani anafunsapo?"

Lik Sabar anakanda chibwano. "Pak Gunadi. Sabata yatha anandigulira khofi. Amafuna kudziwa ngati timachedwa kubwerako."

* * *

Masana madzi anakweranso, kuposa dzulo. Wuryani anafika panyumba paja ndi Pak Harjito, amene anamupempha kuti adzakhale mboni, ndi Parmi, amene sanamupemphe aliyense. Pak Gunadi anamwetulira onse. Mapepala anali kale patebulo, tiyi m'matambula, wailesi ikukuwa.

"Pak, tazimitsani wailesiyo. Nyumba ndimafuna kuimva," Wuryani anauza Pak Gunadi.

"Aa, Bu, ndi nyimbo za chisangalalo, tsiku ngati lino..."

Parmi anatambasula dzanja n'kuzula waya kukhoma. "Yandigonthetsa kuyambira Lachisanu. Ndimayesa mwakwatira."

Bata linagwa. Kenaka onse anamva kulira kwapansipansi kosalekeza, kolowera m'mapazi osati m'makutu. Wuryani analoza tambula. Timafunde tija tinali kuvina.

"Ndi sitima za kudoko," anatero Pak Gunadi.

"Sitima zake zimalavulira kuseri kwa Parmi?" Wuryani anaika kachidutswa kobiriwira pamwamba pa mapepala. "Munati nyumba ya mayi anga munaikwirira ndi dothi. Aka katuluka bwanji m'manda?" Anamenya pansi ndi chidendene, ndipo pansi panayankha ngati ng'oma. "Dothi silitero. Simunathire dothi, Pak, munangovundikira. Pansipa pali mphako, ndipo nyanja imalowamo. Mumadziwa kuti sindigula osaona madzi atakwera, ndiye munafuna pampu yamphamvu. Loko simunamukhudze, anyamata anu anazula lata. Ndipo kanjira konse katamira, nyumba yanu yokha ndi imene inaoneka ngati chozizwitsa."

"Bu, mwakhalitsa kunja. Zinthu kuno simukuzidziwa."

"N'zoona. N'chifukwa chake ndikuonabe kuti madenga anatsika."

Pak Harjito anayendayenda m'chipindamo akugogoda pansi ndi nsapato, n'kukaima pa kabati ya wailesi ija. Iye ndi Parmi anaikankha. Pansi pake panali chitseko chathabwa, ndi waya wonenepa wakuda wolowera m'mphepete mwake. Pak Gunadi anakhala pampando mwadzidzidzi.

"Ndimati ndibweza mukangosaina," anatero motsitsa. "Ndinangobwereka."

"Nkhalamba ija munaibwerekanso chitseko?" anatero Parmi. "Dobadoba wopanda manyazi!"

Wapolisi anaimba foni. Pampuyo, anati, asaikhudze wina koma mwini ntchito, aizindikire yekha pamaso pa mboni. Posakhalitsa Kirno anafika, atanyowa mpaka m'chiuno, khamu la anthu a m'kanjira lili pambuyo pake. Anatsegula chitseko chija. Kunatuluka mpweya wozizira wa fungo la m'chitsime. Kirno anatsika pamakwerero ndi tochi, ndipo Wuryani anamutsatira wina asanamuletse.

Anaponda pansi, madzi akulekeza mu akakolo, n'kukweza maso.

Inali nyumba yawo. Yonse, monga anaisiya. Matailosi obiriwira a mizere yoyera anali kuwala pansi pa madzi oyera ngati galasi. Makoma anali a buluu yemwe uja, amene bambo awo anapaka chaka chimene Kirno anabadwa. Zenera limene ankakhalapo kudikira wogulitsa ayezi linali pomwepo ndi zitsulo zake, koma kunja kwake kunalibe msewu. Kunali dothi lakuda, mizere mizere, msewu pamwamba pa msewu, zaka zonse zimene iye kunalibe zitasanjikizana, ndi zigoba za nkhono zitamatirira. Pa msomali wa pakhomo la kukhitchini, pamene mayi awo ankakoleka mpango wopempherera, panali kankhanu kakang'ono katatukula manja. Madzi ankatsika m'makoma mwakachetechete, akunyezimira m'kuwala kwa tochi, ngati nyumbayo ikutuluka thukuta poyesetsa kukhalabe ndi moyo. Pakati pa chipinda, pamene ankayala mkeka wodyera, pampu inali kulira.

"Ndi yathu," Kirno anakuwira kumwamba. "Chogwirira ichi ndinawotcherera ndekha."

Kumwamba kunabuka phokoso, mawu a Parmi pamwamba pa onse. Koma pansipo awiriwo anangoima.

"Yu," anatero Kirno, "Lachinayi lija..."

"Mayi ndinakawaona m'mawa. Ali pabwino. Pali akakowa."

Kirno anapukuta nkhope ndi mkono, nthawi yaitali. Kenaka anaika dzanja pa waya n'kuyang'ana mlongo wake.

"Ndikazula, pofika madzulo muno mudzaza. Sidzaonekanso. Kapena tidikire pang'ono, muyang'ane?"

Wuryani anayang'ana zenera, msomali, buluu wa bambo ake. Anaoloka dziko lonse kudzagula chipinda chimenechi, osadziwa kuti chikadalipo, ndipo anachipeza tsiku loti achitaye. Kunja, m'nyumba zowerama zija, anthu anali atakweza ana awo pamatebulo.

"Zula. Anthu akumira."

Kulira kuja kunatha. M'batamo anamva nyanja ikulowa, osati ndi mkokomo, koma ndi timawu tambirimbiri ta m'ming'alu, ngati anthu akunong'onezana pakhomo la odwala. Amuna anatsitsa zingwe n'kukweza pampu. Kirno anakwera pambuyo pake, akuwakalipira kale kuti asaigunditse.

Wuryani anatsala pamakwerero. Madzi anakwera m'makoma, anafika pazenera n'kudutsa pakati pa zitsulo. Kankhanu kaja kanasiya msomali n'kuyamba kusambira. Pamenepo iye anamasula kampango, n'kukutumulira maluwa otsala aja pamadzi. Anazungulira pang'ono m'chipindamo, kenaka onse pamodzi anayandama kulowera kukhitchini.